Khadi la 128 GB likukanidwa ndi New 3DS XL: ndilifomate bwanji pa terminal ya Linux?

Njiwa analemba:

Akuluakulu, ndikupempha thandizo kwa amene mumadziwa bwino Linux. Ndili ndi makina osewerera magemu a m'manja, New Nintendo 3DS XL, imene ndinagula kwa munthu amene anali ataigwiritsapo kale ntchito, ndipo inabwera ndi memori khadi lake lija la 4 GB, limene panopa ladzaza ndi magemu amene anagulidwa pa eShop, sitolo ya pa intaneti ya Nintendo, kugula kusanathetsedwe mu Marichi 2023. Sindikufuna kufufuta gemu ngakhale imodzi, choncho ndagula khadi lina la microSD la 128 GB kuti ndisamutsiremo zonse. Vuto ndi lakuti ndikaliika mu 3DS, uthenga umatuluka pa sikirini wonena kuti khadi silikuwerengeka, pomwe khadi lomwelo ndikalilowetsa mu laputopu limatseguka bwinobwino ndipo ndimatha kuikamo mafayilo.

Laputopu yangayi ili ndi Ubuntu yokha, Windows mulibe. Ndikalemba lsblk -f pa terminal, pa mzere wa khadili pamatuluka mawu akuti exfat. Ndawerenga malo angapo kuti 3DS imafuna FAT32, koma ena akunena kuti FAT32 siitheka pa khadi loposa 32 GB, ena akuti imatheka bola munthu asankhe kukula koyenera kwa cluster (kachigawo kakang'ono ka malo kamene fayilo imapatsidwa pa khadi), ndipo manambala amene akutchula akusiyanasiyana. Pulogalamu ya Disks imene imabwera ndi Ubuntu ili ndi pofomatira FAT, koma sindikuonapo posankhira kukula kwa cluster, n'chifukwa chake ndikufuna kuchita ntchitoyi pa terminal.

Chimene ndikupempha ndi malamulo enieni oti ndilembe, motsatana kwake, komanso tanthauzo la lamulo lililonse, chifukwa sindimakonda kulemba sudo, mawu opatsa lamulo mphamvu za woyang'anira kompyuta, patsogolo pa chinthu chimene sindikuchimvetsa. Ndikufunanso kudziwa njira yabwino yosamutsira zomwe zili pa khadi lakale kuti magemu pamodzi ndi pomwe ndinafika posewera zisasokonekere.

Nkhwazi anayankha:

A Njiwa, zimene mwafotokozazi zikusonyeza kuti khadi lanulo silinawonongeke. Mwa madongosolo osungira mafayilo pa khadi, 3DS imawerenga FAT16 ndi FAT32 zokha, pomwe makhadi oposa 32 GB amachoka ku fakitale ali ndi exFAT. Lamulo limeneli linachokera ku SD Association, bungwe limene Panasonic, SanDisk ndi Toshiba anakhazikitsa mu 2000. Bungweli linagamula kuti makhadi a SDHC, amene amalekezera pa 32 GB, azikhala a FAT32, ndipo pamene linalengeza SDXC mu 2009 linasankha exFAT kukhala dongosolo la makhadi aakuluwo. Nintendo nayo imangolonjeza kuti 3DS igwira ntchito ndi makhadi ofika 32 GB. Komabe malire amenewa ndi a pa pepala chabe, chifukwa FAT32 payokha imatha kufika 2 TB ngati sector (kachigawo kochepetsetsa kamene khadi limawerenga kapena kulemba) iliyonse ndi ya mabayiti 512, ndipo anthu ambiri akhala akugwiritsa ntchito makhadi a 64 GB ndi 128 GB mu 3DS atawafomata kukhala FAT32. Malire enieni a FAT32 ali pa fayilo imodzi, imene siingafike 4 GB, ndipo 3DS inapangidwa kale mogwirizana ndi malire amenewo.

Musanafomate chilichonse, yambani ndi khadi lakale. Zimitsani 3DS kotheratu, chotsani katiriji ndi kacholembera kake, kenako masulani masikuluu awiri a chivundikiro cha kumbuyo. Masikuluuwa sachoka pa chivundikirocho, amangomasuka mpaka ayambe kulira kuti tche tche, ndiye musawakakamize kuti atuluke. Mukalowetsa khadilo mu laputopu, koperani zonse zimene zilimo ndi lamulo ili, m'malo mwa mawu akuti dzina ndi KHADI mulembe zimene kompyuta yanu ikuonetsa:

rsync -rtv /media/dzina/KHADI/ ~/kope3ds/

Kachizindikiro kopendekera kamene kali kumapeto kwa KHADI n'kofunika, chifukwa kamauza rsync kuti ikopere zamkati mwa khadilo, osati kupanga foda ina yowonjezera pamwamba pake. Ikamaliza, lembani diff -r /media/dzina/KHADI ~/kope3ds ndipo ngati palibe chimene chatuluka, ndiye kuti kope lanu likufanana ndendende ndi khadi. Khadi lakalelo mulichotse ndi kulisunga pambali momwe lilili.

Tsopano tifike pa gawo limene ndikufuna mulipatse nthawi yambiri kuposa ena onse, lomwe ndi kudziwa dzina limene Linux yapatsa khadi latsopano. Lamulo lofomatira silifunsa kawiri, ndipo silisiyanitsa khadi la magemu ndi disiki imene muli ntchito yanu yonse. Khadi lisanalowe, lembani:

lsblk -o NAME,SIZE,TYPE,FSTYPE,MODEL,MOUNTPOINT

Lowetsani khadi, mulembenso lamulo lomwelo, ndipo mzere umene wawonjezeka ndiwo khadi lanu. Kukula kwake kuoneka pafupifupi 119G osati 128, ndipo zimenezi zisakudetseni nkhawa, popeza opanga makhadi amawerenga gigabayiti ngati mabayiti 1,000,000,000 pomwe lsblk imawerenga 1,073,741,824. Ngati mukugwiritsa ntchito chowerengera makhadi cha USB, dzina likhala ngati sdb ndipo gawo lake likhala sdb1. Ngati laputopu ili ndi polowetsera khadi pakepake, nthawi zambiri dzina limakhala mmcblk0 ndipo gawo lake limakhala mmcblk0p1. Malangizo ambiri a pa intaneti amangolemba sdb ngati kuti ndi dzina la khadi nthawi zonse, ndipo ena amati sda ndi disiki ya kompyuta nthawi zonse, koma zonse ziwirizi si zoona. Pa laputopu ya disiki ya NVMe, disiki yaikulu imatchedwa nvme0n1, moti khadi likhoza kutenga dzina la sda, pomwe pa kompyuta ya madisiki awiri sdb ikhoza kukhala disiki yanu yachiwiri. Mayinawa amathanso kusintha mukachotsa khadi n'kulibwezeramo. M'munsimu ndilemba sdX, ndipo inu muike chilembo chimene mwachiona ndi maso anu pa nthawi imeneyo.

Ubuntu imatsegula khadi yokha likangolowa, choncho muyenera kulimasula kaye ndi sudo umount /dev/sdX1 musanapitirire. Kenako tsegulani fdisk pa khadi lonse, popanda nambala kumapeto:

sudo fdisk /dev/sdX

Mkati mwa fdisk mumalamula ndi chilembo chimodzichimodzi. Lembani p kuti muonenso kukula kwa chipangizocho ndi kutsimikiza kuti mulidi pa khadi. Lembani o, chilembo chaching'ono, kuti mupange tebulo latsopano la magawo la mtundu wa MBR, limene fdisk imalitchula kuti dos. Musalembe g, chifukwa chilembo chimenecho chimapanga tebulo la mtundu wina lotchedwa GPT, ndipo 3DS siiwerenga GPT ngakhale gawo lili mkatimo litakhala FAT32 yabwinobwino. Lembani n kuti mupange gawo latsopano, musankhe p ndi nambala 1, ndipo ikafunsa sector yoyambira mulembe 8192. Nambala imeneyi mukaichulukitsa ndi mabayiti 512 imakwana 4 MiB ndendende, ndipo kuyambira pamenepo kumachititsa kuti gawo ligwirizane ndi zigawo zikuluzikulu zimene khadi limafufuta nthawi imodzi mkati mwake. Pa sector yomalizira ingodinani Enter kuti itenge khadi lonse. Ikakuuzani kuti yapeza chizindikiro cha exfat n'kufunsa ngati ichichotse, vomerani. Kenako lembani t ndi c, kuti mtundu wa gawo ukhale W95 FAT32 LBA. Ubwino wa fdisk ndi wakuti mpaka pamenepa palibe chimene chalembedwa pa khadi. Ngati pali pamene mwakayikira, lembani q mutuluke ndi kuyambiranso. Mukakhutira ndi zimene p ikuonetsa, lembani w, ndipo pamenepo ndi pomwe zosinthazo zimalembedwa.

Kufomata kwenikweniko ndi mzere umodzi wokha, ndipo ulendo uno mukulamula gawo, lomwe lili ndi nambala kumapeto:

sudo mkfs.fat -F 32 -s 128 -n N3DS /dev/sdX1

Chilembo F chikusankha FAT32. Chilembo s chikunena kuchuluka kwa ma sector mu cluster imodzi, ndipo 128 kuchulukitsa ndi 512 ndi mabayiti 65,536, kutanthauza 64 KB. Pa khadi la 64 GB kapena locheperapo mukanalemba 64, imene imapereka cluster ya 32 KB, ndipo apa ndi pamene pamachokera kusiyana kwa manambala kumene mwakumana nako. Chifukwa chake n'chosavuta kuchiwerengera. FAT32 imasunga tebulo lokhala ndi mabayiti anayi pa cluster iliyonse, moti khadi la 128 GB logawidwa m'ma cluster a 32 KB limakhala ndi ma cluster pafupifupi 3.9 miliyoni ndi tebulo la pafupifupi 15 MB, pomwe ma cluster a 64 KB amadula zonsezi pakati. Kwa laputopu kusiyana kumeneku si kanthu, koma kwa kachipangizo ka mtundu umene unatuluka koyamba mu 2011 kamene kali ndi memori yochepa, tebulo laling'ono limapepuka. Mtengo wake ndi wakuti fayilo iliyonse yaing'ono imadya 64 KB yathunthu, zomwe pa khadi lalikulu chonchi simungazimve n'komwe. Chilembo n chikupereka dzina la khadi, limene lisapitirire zilembo 11 ndipo ndi bwino likhale la zilembo zazikulu. Ngati terminal ikunena kuti mkfs.fat kulibe, lembani sudo apt install dosfstools.

Mukaiwala nambala 1 n'kulamula khadi lonse, mkfs.fat kawirikawiri imakana. Anthu ena akaona kukana kumeneku amawonjezera -I kuti aikakamize, koma inu musatero, chifukwa zimenezo zimafafaniza tebulo la magawo limene mwangopanga kumene.

Kuti mutsimikize, lembani sudo fdisk -l /dev/sdX muone kuti mtundu wa tebulo ndi dos, kenako sudo fsck.fat -n -v /dev/sdX1 imene imangowerenga osasintha kanthu, ndipo pakati pa zimene itulutse muona kuchuluka kwa mabayiti pa cluster. Zikakhala bwino, chotsani khadi, mulibwezeremo kuti Ubuntu ilitsegule, ndipo bwezerani kope lija:

rsync -rtv --modify-window=1 ~/kope3ds/ /media/dzina/N3DS/

Ndasankha -rt m'malo mwa -a imene ambiri anaizolowera chifukwa FAT32 siisunga mwini wa fayilo kapena zilolezo zake, ndipo -a imangotulutsa madandaulo ambirimbiri opanda phindu. Mawu akuti modify-window akuthandiza chifukwa FAT imasunga nthawi ya fayilo modumpha masekondi awiri, ndiye popanda mawuwa rsync ikhoza kuganiza kuti mafayilo asintha n'kuyamba kukopera zonse mwatsopano ngati mutaiyendetsanso. Pomaliza lembani sync ndi kudikira mpaka terminal ibwererenso, chifukwa Linux imasunga zina mu memori ngakhale itaonetsa ngati yamaliza kukopera, kenako sudo umount /dev/sdX1 musanasolole khadi.

Mvuu anayankha:

Zimene a Nkhwazi alemba n'zolondola, koma ine ndikuona kuti pali sitepe imodzi imene iyenera kubwera fdisk isanatsegulidwe n'komwe. A Njiwa simunatiuze kumene munagula khadilo ndi mtengo wake, ndipo makhadi achinyengo a microSD adzaza m'misika ndi m'masitolo a pa intaneti, ena ali m'mapaketi ooneka bwino okhala ndi mayina a makampani odziwika. Khadi lachinyengo limakhala ndi malo enieni ochepa, mwina 8 GB kapena 16 GB, koma kachipangizo kolamulira ka mkati mwake kanasinthidwa kuti kaziuza kompyuta kuti malo ndi 128 GB. Lili ngati thumba la chimanga lolembedwa makilogalamu 50 limene pamwamba pali chimanga koma pansi pali gaga. Choopsa chake n'chakuti malamulo onse amene aperekedwa pamwambawa amayenda bwinobwino pa khadi lotere. lsblk ionetsa 119G, fdisk ivomera, mkfs.fat imaliza popanda dandaulo, ndipo chifukwa zimene a Njiwa akusamutsa sizikupitirira 4 GB, ngakhale diff inena kuti zonse zili bwino. Vuto lidzaoneka patapita miyezi, malo enieni aja akadzadzaza, pamene khadi lidzayambe kutaya zatsopano kapena kuzilemba pamwamba pa zakale, mayina a mafayilo n'kumaonekabe koma zamkati zitawonongeka.

Pa Linux pali pulogalamu yotchedwa f3 imene inapangidwira ntchito yomweyi, ndipo imapezeka ndi sudo apt install f3. Njira yachangu ndi iyi, khadi litamasulidwa kale ndi umount:

sudo f3probe --destructive --time-ops /dev/sdX

Monga mawu ake akunenera, lamuloli limawononga zimene zili pa khadi, n'chifukwa chake malo ake oyenera ndi poyambirira, khadi lidakali lopanda kanthu, ndipo chenjezo la a Nkhwazi lokhudza chilembo cha chipangizo likugwiranso ntchito pano mofanana. Limalemba ndi kuwerenga malo osankhidwa m'khadi monse ndipo m'mphindi zochepa limanena kukula kumene khadi likudzinenera ndi kukula kumene lili nako zoona. Njira yachiwiri ndi yotenga nthawi koma ndi imene ine ndimaikhulupirira kwambiri. Mukamaliza kufomata, musanaikemo magemu, lembani f3write /media/dzina/N3DS kuti idzaze khadi lonse ndi mafayilo a 1 GB, kenako f3read pa malo omwewo kuti iwerenge mafayilowo ndi kunena ngati pali sector ina imene yabwera yosiyana ndi zimene zinalembedwa. Njira imeneyi imagwiranso khadi lenileni koma lodwala, zimene f3probe siinapangidwire. Khadi likamalemba 10 MB pa sekondi, kudzaza 128 GB kumatenga maola atatu ndi theka, kuwerenga kusanayambe, choncho laputopu ikhale pa chaja, batire ikhale yodzaza kuopa magetsi angazime, ndipo muzimitse zoti kompyuta izigona yokha. Mukamaliza fufutani mafayilo onse othera ndi h2w.

Pamene ndikusiyana pang'ono ndi a Nkhwazi ndi pa kukula kwa khadi. Iwo afotokoza mmene 128 GB ingagwirire ntchito, ndipo igwiradi, koma ndikanakhala ine ndikanagula 64 GB kapena 32 GB imene. Menyu ya 3DS imaonetsa magemu ndi mapulogalamu osapitirira 300, magemu ambiri a pa eShop ndi aang'ono, ndipo khadi likakula kwambiri kachipangizoka kamachedwerapo poyaka. Munthu amene zinthu zake zonse zikukwana mu 4 GB sangadzaze 128 GB msanga. Poti khadi munagula kale, ligwiritseni ntchito, koma amene akuwerenga izi asanagule asaganize kuti lalikulu ndi labwino nthawi zonse.

Chinthu china chaching'ono chimene chimasokoneza anthu ndi adaputa. Ngati mukulowetsa microSD kudzera mu adaputa ya kukula kwa SD, yang'anani kabatani kotsetsereka kamene kali m'mbali mwake. Kakatsikira pansi, Linux imaona khadi ngati longowerenga, ndipo fdisk kapena mkfs.fat imakana kulemba. Ma adaputa ena otchipa kabatani kake kamakhala kokhwepa moti kamatsika kokha polowetsa. Lamulo la lsblk -o NAME,SIZE,RO limaonetsa 1 pa khadi lotsekedwa motero, ndipo mankhwala ake ndi kukweza kabataniko kapena kusintha adaputa, osati kufunafuna malamulo ena.

Njiwa anayankha:

Zikomo kwambiri a Nkhwazi ndi a Mvuu chifukwa chofotokoza mwatsatanetsatane. Laputopu yangayi ndi ya NVMe, ndipo khadi latulukadi ndi dzina la sda monga munanenera, kukula kwake 119G. f3probe yanena kuti khadi ndi lenileni, ndadutsa mu fdisk ndi mkfs.fat, ndipo fsck.fat ikuonetsa mabayiti 65,536 pa cluster. Panopa f3write ikuyenda.

Ndili ndi mafunso awiri pamene ndikudikira. Loyamba ndi lakuti, kodi ndi bwino kuyamba ndaika khadi lopanda kanthuli mu 3DS kuti ndione ngati ikuliwerenga, ndisanataye nthawi kukopera magemu? Lachiwiri ndi la mlongo wanga amene ali ku Johannesburg, yemwe ali ndi 3DS yakale ija ya khadi lalikulu la SD lolowera m'mbali, ndipo akufuna kuikamo khadi la 64 GB. Iyeyo ali ndi MacBook kunyumba ndi kompyuta ya Windows kuntchito, Linux alibe. Kodi malamulo a pa terminal ya Mac ndi ofanana ndi amenewa?

Kadzidzi anayankha:

Ndiyankhe funso lachiwiri, poti ine ndimagwiritsa ntchito Mac. Maganizo ake ndi omwewo koma malamulo ndi ena. Achemwali anuwo atsegule Terminal n'kulemba diskutil list khadi lisanalowe ndiponso litalowa, kuti aone nambala imene yawonjezeka. Pa Mac madisiki amatchedwa disk0, disk1 ndi kupitirira, ndipo mndandandawo umakhala wautali chifukwa APFS, dongosolo la mafayilo la Mac, imawonjezera madisiki ena ongoyerekezera, moti khadi likhoza kukhala disk2 lero, mawa n'kukhala disk4. Khadi la 64 GB lioneka ndi kukula kwa pafupifupi 64 GB komweko, chifukwa macOS imawerenga mofanana ndi opanga makhadi. Akatsimikiza nambala, imene ndiilembe N, lamulo limodzi limapanga tebulo ndi kufomata nthawi yomweyo:

diskutil eraseDisk FAT32 KHADI3DS MBRFormat /dev/diskN

Mawu akuti MBRFormat asawasiye, chifukwa popanda iwo diskutil imapanga GPT, imene a Nkhwazi anena kale kuti 3DS siiwerenga, ndipo dzina la khadi alilembe ndi zilembo zazikulu. Lamulo limeneli limasankha lokha kukula kwa cluster. Ngati akufuna kudzisankhira, amasule gawo ndi diskutil unmount /dev/diskNs1 kenako alembe sudo newfs_msdos -F 32 -c 64 -v KHADI3DS /dev/rdiskNs1 pomwe 64 ikuimira ma sector pa cluster, kutanthauza 32 KB imene ikuyenera khadi la 64 GB.

Mac ili ndi khalidwe losiya timafayilo tobisika pa khadi la FAT, tina toyamba ndi kadontho ndi kamzere kapansi, komanso mafoda monga .Spotlight-V100 ndi .fseventsd. Akamaliza kukopera alembe dot_clean -m /Volumes/KHADI3DS kuti timafayilo toyamba ndi kadontho ndi kamzereto tichoke, kenako diskutil eject /dev/diskN.

Kompyuta ya kuntchito ija ndikanati aisiye. Pa Windows, pulogalamu ya diskpart imatha kuyeretsa khadi ndi kupanga MBR bwinobwino kudzera mu list disk, select disk, clean, convert mbr ndi create partition primary, koma ikafika pa format fs=fat32 imakana gawo loposa 32 GB n'kunena kuti ndi lalikulu kwambiri. Malire amenewa ndi a pulogalamu yofomatira ya Microsoft, osati a FAT32, ndipo umboni wake ndi wakuti Windows yomweyo imawerenga ndi kulemba khadi la 128 GB la FAT32 lofomatidwa kwina popanda vuto. Mu Ogasiti 2024 Microsoft inalengeza kuti mu Windows 11 yoyesera yakweza malirewa kufika 2 TB pa lamulo la format, koma kompyuta ya ku ofesi ikhoza kukhala ndi Windows imene idakali ndi malire akale, ndiponso diskpart imafuna chilolezo cha woyang'anira makompyuta, chimene wogwira ntchito wamba sapatsidwa kawirikawiri. Pulogalamu ya SD Memory Card Formatter ya SD Association nayonso siithandiza pa nkhaniyi, chifukwa imatsatira lamulo la bungwe lake n'kuika exFAT pa khadi lililonse loposa 32 GB.

Nkhwazi anayankhanso:

A Mvuu akunena zoona kuti kuyesa khadi kuyenera kukhala poyamba, ngakhale kuti pa kukula kwa khadi ine ndikuona kuti masekondi ochepa owonjezera poyatsa si vuto lalikulu kwa munthu amene amajambulanso zithunzi ndi mavidiyo pa 3DS.

Pa funso lanu loyamba a Njiwa, mukhoza kuyesa khadi lopanda kanthu, koma mudziwe chimene chichitike. 3DS ikangoona khadi latsopano imapangamo foda yotchedwa Nintendo 3DS. Mkati mwake mumakhala foda ya dzina lalitali la zilembo ndi manambala 32, imene imagwirizana ndi kachipangizo kanuko, ndipo mkati mwa imeneyo mumakhalanso foda ina ya zilembo ndi manambala 32, imene imapangidwa potengera khadi limene linalimo pa nthawiyo. Mukakopera kope lanu pamwamba pa foda yatsopanoyi, foda yakunja ikhala imodzi chifukwa kachipangizo ndi komweko, koma mkati mwake mukhala mafoda awiri, yakale yokhala ndi magemu ndi yatsopano yopanda kanthu. Zikatero 3DS ikhoza kutsegula yopanda kanthuyo, magemu onse osaoneka pa menyu ngakhale alimo pa khadi. Choncho mukamaliza kuyesako, fufutani foda yonse ya Nintendo 3DS imene yapangidwa pa khadi latsopano, kenako ndi pamene muyendetse rsync. Musanasolole khadi lembani ls "/media/dzina/N3DS/Nintendo 3DS"/* ndipo muone kuti mkati mwa foda ya dzina lalitali muli foda imodzi yokha.

Zimene zili m'mafoda amenewa zinatsekedwa ndi kiyi wa kachipangizo kanu kokha, moti kope lanu silingagwire ntchito mu 3DS ya achemwali anu, ndipo iwonso ayenera kukopera khadi lawo lakale pa MacBook yawo. Khadi likalowa ndipo magemu aoneka, pitani ku System Settings, Data Management, mukaone malo otsala. 3DS imawerenga malo m'mabuloko a 128 KB, kutanthauza mabuloko 8 pa 1 MB, choncho pa khadi la 128 GB lokhala ndi zinthu zosakwana 4 GB muyembekezere mabuloko oposa 900,000. Tsegulani gemu iliyonse muone ngati pomwe munalekezera pakuoneka musanamange masikuluu a chivundikiro.

Khadi la 4 GB lija mulisunge, koma musamalisinthanitse ndi latsopanoli mu 3DS, chifukwa zimene mwasunga posewera pa khadi lina sizipita pa linzake, ndipo magemu ena amakana kapena kufufuta zosungidwa akazindikira kuti zimene zili pa khadi ndi zakale kuposa zimene kachipangizo kakukumbukira. Ngati mukufuna kope latsopano m'tsogolo muno, yendetsani rsync kuchokera pa khadi la 128 GB kupita mu foda ina pa laputopu, yokhala ndi tsiku m'dzina lake.